Vinyo amene aNasoko anagula ku Ulongwe

Sabata yathayi chakwana chaka chiwaikireni m'manda apongozi anga aakazi, aNasoko a ku Domwe. Tinakumana pabanja, tinapemphera, tinadya, ndipo anthu atakhuta nkhani ya vinyo ija inatulukanso. Aliyense ali ndi yake. Wina amati anagula mabotolo atatu, wina amati analedzera mpaka kuvina pakhonde. Ine ndinalipo pogulapo, ndiye ndaona kuti ndilembe zimene ndinaona anthu asanawonjezere botolo lachinayi.

Ndine mkazi wa mwana wawo Tomasi. Tsiku loyamba kundiona sanandifunse za kwathu kapena za sukulu imene ndimaphunzitsa. Anandigwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti manja a pulofesola ndi ofewa ngati phwetekere wa dzana, koma zala zake n'zazitali, zikhoza kuphunzira khasu. Ndinalira usiku wake. Patapita zaka ndinadzamva kuti anakauza anzawo onse kumsika kuti Tomasi wapeza munthu.

Anali mayi wamfupi, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. M'nyengo yozizira ankavala jekete lachimuna pamwamba pa chitenje, m'thumba mwake muli kampeni. Ankagulitsa mbatata ya kachewere kwa amalole ochokera ku Tete ndi kwa anyamata a njinga oolotsa katundu ku Malawi. Wogula asanafunse n'komwe, iwo ankatenga mbatata imodzi pansi penipeni pa ndowa, kuidula pakati n'kumuonetsa. Ankati chinthu chabwino sichiopa mpeni. Akamagula ndi iwo, ankafunsa mafunso mpaka wogulitsa kutuluka thukuta, ndipo sankachita manyazi kunena kuti chakutichakuti sachidziwa. Ankati wobisa umbuli wake amagula katundu kawiri, koyamba woipa, kachiwiri wabwino.

Ndi amuna awo, aMbewe, ankakangana tsiku lililonse limene Mulungu wapereka. Za feteleza, za wailesi, za nkhuku zolowa m'nyumba, za msewu umene unali wachidule popita ku Lifidzi zaka makumi atatu zapitazo. AMbewe anali munthu wofatsa, woyankha mochedwa, ndipo kuchedwako ndiye kunkawapsetsa mtima aNasoko. Anakumana ku Dedza onse ali othawa nkhondo. Ukwati wawo unalibe phwando, ankhoswe anangogwirizana pansi pa mtengo, mawa lake aliyense n'kukaima pa mzere wolandira ufa. Nkhondo itatha, aNasoko anabwerera ku Domwe atasenza chitseko cha kanyumba kawo ka kumsasa, Tomasi akutsatira m'mbuyo. Atafika anapeza pamene panali mudzi pamera tchire lofika m'khosi. AMbewe anakhala pansi n'kugwira mutu. ANasoko anatula chitseko chija, kuchiyedzamiritsa pa chulu, n'kunena kuti khomo ndi ili, chatsala ndi makoma basi. Anayamba kumweta udzu tsiku lomwelo.

Mowa ankadana nawo zenizeni. Pakamwa pawo panali pasanalowepo ngakhale dontho. Mayi wina atayamba kugulitsa kachasu pafupi ndi pamene iwo ankaikira ndowa zawo, anamuyankhula masiku atatu motsatizana mpaka mayiyo anasamuka yekha. AMbewe akalawa chipanda cha masese pa ukwati, ankamva za chipandacho sabata yathunthu. Kumpingo kwawo, kumene mowa ndi woletsedwa, aNasoko anali mtsogoleri wa amayi, ndipo ndi iwo amene ankatumidwa kukalangiza mabanja a zidakwa.

Maso a aMbewe anayamba kuchita mdima pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Titawatengera kuchipatala ku Tete, ine ndi aNasoko, dotolo anatiuza mosabisa kuti tachedwa. Anati zimene zatayika sizibwerera, ndipo kakuwala katsalako kadzazima pakapita miyezi ingapo. Pobwerera tinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno. Titayamba kukwera mapiri, aMbewe, nkhope ataloza pawindo, anayamba kuyankhula okha.

“Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pa nyumba ya Mpwitikizi wina ku Tete komweko. Loweruka lililonse ankadya awiriwiri ndi mkazi wake, nsalu yoyera pa meza yodyerapo, ine nditaima kumbuyo ndi botolo la vinyo. Iye ankandilanda botololo n'kumuthirira yekha mkazi wake. Ndinkati mumtima, ine ndikadzakwatira ndidzateronso. Ndiye kunabwera nkhondo, kenaka ana, kenaka kachewere. Pano ngakhale kopo lomwera sindingalione bwino.”

“Mukanamupempha Mpwitikiziyo akupatseni ndi mkazi yemwe,” anayankha aNasoko. “Sendezani mwendo, mwandiponda.”

Nkhani inathera pomwepo, mwakuona kwanga. Koma patapita masiku atatu anafika kwathu m'mawa chimanjamanja, chinthu chimene sankachita. Anakana mpando, anakhala pa mphasa, anandifunsa za ana mmodzimmodzi, kenaka anati:

“Amake Lusiya, inu mumawerenga Chipwitikizi. Mawa mundiperekeze ku Ulongwe.”

“Kuchipatala, amayi?”

“Kukagula vinyo.”

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Ndinaweramitsa mutu, poti nkhani zotere munthu sakamba ndi apongozi ake.

“Tomasi mumuuze kapena musamuuze, izo n'zanu,” anatero. “Koma bambo ake asamve mpaka Loweruka.”

Ineyo za vinyo sindinkadziwa kanthu kupatula kuwerenga zolembedwa pa botolo. Mu shapa ndinawafunsa kuti akonzekera ndalama zingati. Anati ya ndowa ziwiri za kachewere, osaposera, chifukwa chinthu chimene munthu sakuchidziwa sachigulira thumba lathunthu.

Tinalowa mu loja ina, sitolo yaikulu pafupi ndi msika. Mwini wake, bambo wonenepa wa imvi m'ndevu, anayang'ana ine, poganiza kuti wogula ndi wovala nsapato zachikopayu. ANasoko anagogoda pa thabwa ndi chala.

“Wogula ndine. Vinyo sindimudziwa, sindinamulawepo, ndipo kuwerenga sinditha. Ndakuuzani ndekha kuti musavutike n'kundiyesa. Ndikufuna wa anthu awiri, ine ndi amuna anga, pa chakudya chimodzi.”

Bamboyo anamwetulira, n'kutsitsa vinyo wa m'pakote, uja wa m'katoni. Anati ndiye wotsika mtengo ndipo anthu ambiri amagula ameneyo. ANasoko anainyamula pakoteyo, kuigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuibweza.

“Uwu ndi mkaka wa ana. Bambo wa zaka zake aime pa meza n'kumafinya katoni? Ndipatseni wa m'botolo.”

Apa mwini loja anatsegula kabati yagalasi n'kutulutsa botolo lakuda la zilembo zagolide. Ananena mtengo wake, mametikali oposa thumba lathunthu la kachewere, n'kuwonjezera kuti pa chikondi munthu saumira.

“Inuyo munamumwapo ameneyu?”

“Ayi, amayi, ameneyu amagula akuluakulu a boma.”

“Ndiye mukundigulitsa chinthu chimene pakamwa panu sipakuchidziwa. Mukamadya ndi akazi anu tsiku la chisangalalo, mumatenga uti?”

Bamboyo anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Anabweza botolo lija m'kabati, n'kutuluka kuseri kwa thabwa kuti atisonyeze shelefu ya pakati, pamene panali mabotolo a mtengo woti munthu n'kupirira. Kuyambira pamenepo anasiya kugulitsa, anayamba kuphunzitsa. Anati wofiirayu ndi tinto, woyerayu ndi branku, ndipo wofiirira uyu, wa maonekedwe a madzi otsukira nyemba zofiira, ndi roze. Anafunsa ndiwo. ANasoko anati nkhuku yakumudzi yokazinga ndi kachewere wawo yemwe. Iye anati pa nkhuku onse atatu akhoza, koma tinto amakonda nyama yambuzi kapena yang'ombe.

Ine ndinayamba kuwerenga mabotolo mokweza. Nditafika pa mawu akuti seko, ndinamasulira kuti wouma.

“Wouma? Madzi aumanso m'botolo?”

“Ndiye kuti alibe shuga, amayi,” anatero mwini loja. “Amamanga lilime ngati nthochi yosapsa. Ozolowera amamukonda choncho.”

“Ife sitinazolowere ndipo nthawi yozolowera tilibe. Chotsani onse omanga lilime.”

Anachotsa. Kenaka anatipatsa lina lotsekemera kwambiri, koma aNasoko atamva kuti limakoma ngati manyuchi analikananso, ati nkhuku yawo siidyedwa ndi shuga. Ankafuna wapakati. Botolo lina limene linali pawindo, mtengo wake wotsitsidwa, analikana asanalikhudze. Pepala lake linali litayera ndi dzuwa.

“Mafuta ophikira akakhalitsa padzuwa amanunkha. Uyu ndi ndani kuti asaonongeke?”

Mwini loja anandiyang'ana n'kunena kuti amayiwa akunama, vinyo amamudziwa. Analichotsa botololo pawindo ife tikuona.

Anandifunsanso za nambala yaing'ono ya m'munsi mwa pepala. Ndinawauza kuti ikusonyeza mphamvu ya mowa. Anati ndiyang'ane ya nambala yotsika, chifukwa akufuna aMbewe akumbukire chakudyacho mawa lake. Za chotsekera anaziona okha. Mabotolo ena anali otsekedwa ndi kamtengo kofewa kofuna chitsulo chake chozulira, ena anali ndi chivindikiro chopotokola ngati cha mafuta. Mwini loja anati a kamtengo ndiwo aulemu, ndipo chitsulocho amagulitsanso.

“Wotsegula ndi munthu wosaona bwino,” anatero aNasoko. “Ulemu wake ndi woti atsegule yekha, ine manja ali pamiyendo. Tipatseni opotokola.”

Panatsala mabotolo atatu, la tinto, la branku ndi la roze. Apa ndipo anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anawanyamula onse atatu kupita nawo pakhomo pa loja, pamene dzuwa linkalowera. Anavula duku pamaso pa anthu, mayi wamkulu ngati iwo, n'kudziphimba nalo kumaso. Kenaka anayamba kukweza botolo limodzilimodzi, akuyang'ana kudzera mu nsalu ya dukulo. Odutsa mumsewu anaima.

“Ili ndi mdima wokhawokha,” anatero pa tinto. “Ali nawo kale wokwanira.” Pa branku anati ndi madzi, saoneka. Atakweza la roze, lomwe botolo lake linali loyera mbee, analitembenuza uku ndi uku pa kuwalako.

“Ili aliona.”

Mwini loja anatsokomola. Anati asabise, roze anthu amati ndi vinyo wa amayi, bambo weniweni amafuna tinto.

“Ndiye zakhala bwino,” anayankha aNasoko akumanga duku lawo. “Wothiridwayo ndi mayi.”

Mtengo wake unali pansi pa ndowa ziwiri zija. Anayesabe kunenerera, mwa chizolowezi, mpaka bamboyo anawonjezera makopo awiri agalasi pa mtengo wa limodzi. Anatiuza kuti vinyoyu amafuna kuzizira. ANasoko anati ku Domwe mwezi wa Juni ngakhale munthu amazizira wopanda filiji, mtsuko wa madzi ukwanira.

Pokwera shapa tinapeza mkati muli aNachisale, mayi wa kumpingo kwawo, wodziwika ndi kufulumira kwa pakamwa. Ine ndinatenga botolo lija msangamsanga kuti ndilikankhire pansi pa kabichi m'chikwama. ANasoko anandilanda, n'kuliika pamiyendo pawo poyera.

“Moni aNachisale. Musavutike kusuzumira, ndi vinyo. Ndagula ndine, ndikamwa ndi abambo a Tomasi Loweruka. Mukamakanena munene choncho, musawonjezere.”

ANachisale anangoti zikomo, n'kuyang'ana pawindo ulendo wonse.

Loweruka lake aNasoko anathamangitsa aliyense pakhomo, zidzukulu, ife, ngakhale galu. Chakudya sanachiike madzulo monga ankachitira Mpwitikizi uja. Anachiika dzuwa litangopendeka, meza ataikokera pakhomo penipeni kuti kuwala kugwere pa nsalu. Nsaluyo inali yanga, ya pa ukwati wathu. Zimene zinachitika mkatimo sindinazione. Lolemba nditawafunsa anandiyankha mwachidule akusankha nyemba.

“Vinyo ndi wachabechabe. Amakoma ngati mapichesi oyamba kuola. Nkhuku ndiye inapsa bwino.”

Zambiri tinadzazimva kwa aMbewe, pa masiku a maliro, ine ndi Tomasi titakhala nawo kuseri kwa nyumba. Anati atalowetsedwa m'nyumba n'kukhudza nsalu pa meza, anaganiza kuti kukubwera abusa. Kenaka anamva botolo lozizira likuikidwa m'manja mwawo.

“Anandiuza kuti, ‘Si uyu vinyo wanu munkalira mu shapa? Thirani, nkhuku ikuzizira.’ Ndinagwira chivindikiro. Ndinapotokola, chinatseguka. Ndinaimirira, ndinazungulira meza, ndinaima kudzanja lawo lamanja monga ndinaphunzirira kwa Mpwitikizi uja kalekale. Ndinathira osataya ngakhale dontho. Ndiye mayi anu anakweza kopo lija pakati pa ine ndi khomo, n'kufunsa kuti, ‘Mukuona?’ Ndinaona, Tomasi. Kufiirira kwake, ndi zala zinayi kuseri kwa galasi. Chala chimodzi chija chopindika, anachithyola ndi mpini chaka cha njala.”

Anati onse awiri atalawa, aliyense anadikira kuti mnzake ayambe kunena za kukoma kwake. Kenaka aNasoko anafunsa ngati chinthu chimenechi ndicho anachisungira mumtima zaka makumi asanu. AMbewe anavomera kuti nawonso ankayembekezera zoposa pamenepa. Anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anadya pang'onopang'ono, mbale imodzi ya nkhuku pakati, ndipo anakamba za ku Dedza, za mwana wawo woyamba amene anamuika kumeneko, nkhani imene anali asanaikambepo awiriwiri. Botolo silinathe. Wotsalayo aNasoko anathira mu nyama yankhumba mawa lake, poti kutaya chinthu chogula sankakudziwa.

Kumpingo nkhani inafika iwo asanafike. Akuluakulu anawaitana, ndipo ine ndinawaperekeza. Sanadikire kufunsidwa. Anati anagula, anamwa theka la kopo, sanaledzere, ndipo lamulo ankalidziwa bwino pogulapo chifukwa analiphunzitsa okha kwa ena. Anati chilango alandira, koma kupepesa sapepesa, poti akapepesa anama m'nyumba ya Mulungu. Mkulu wina anafunsa ngati adzachitenso.

“Ayi. N'ngosakoma.”

Ena anabisa nkhope m'manja. Komabe anawatsitsa pa utsogoleri wa amayi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zinawapweteka, ndinaona. Lamulungu lililonse ankafika moyambirira n'kukhala pa benchi ya kumbuyo, msana uli chilili, akuimba mokweza kuposa a kutsogolo. Miyeziyo itatha anawabwezera udindo, koma iwo anati aNachisale, amene anawagwirizira udindowo, apitirize, aphunzire kuti kutsogolera n'kovuta kuposa kunena.

Chimene chinasintha pakhomo n'chakuti kuyambira Loweruka lija sanadyenso padera. Kale aMbewe ankadyera pakhonde, aNasoko kukhitchini ndi zidzukulu, monga m'makomo ambiri kwathu kuno. Tsopano meza inakhala pakhomo pomwe paja. Maso a aMbewe atazimiratu, mvula yoyamba isanagwe, aNasoko ankawauza pamene pali ndiwo powagwira dzanja, uku akuwakalipira kuti akudontheza msuzi. Tiyi ankathira ndi aMbewe. Wina akafuna kuwathandiza, aNasoko ankamumenya pa dzanja.

Tonse tinkaganiza kuti adzatsogola ndi aMbewe. Koma patapita zaka ziwiri aNasoko anagwa m'munda nthawi yokumba, akukangana ndi wa lole za kukula kwa thumba. Pofika nawo kuchipatala anali atapita. Wa loleyo anabwera pa maliro, ndipo analipira mtengo umene iwo ankafuna.

AMbewe tsopano amakhala kwathu. Mwambo wa sabata yatha utatha ndinapita ndekha kukaona nyumba yawo, imene ili yotseka chaka chonsechi. Udzu wamera mpaka pa khonde. Kuseri kuli kachisakasa kamene ankasungiramo mbewu, ndipo nditakankha chitseko ndinapeza kachewere amene anasankha okha akadali pa thandala, m'milu itatu yosiyana. Palibe amene anadzala, chifukwa palibe amene ankadziwa kuti mulu uti unali wa munda uti. Mbatatazo zafota ngati zikopa, zina zaphuka mphukira zazitali n'kuumanso. Nkhuku ya eni ake yaikira mazira pakona. Nditatuluka ndinakhala pa mwala wa pabwalo. Mbuzi zinayi za oyandikana nawo zinalowa pa mpata wa mpanda, zinadya masamba a pichesi bwinobwino mosathamanga, zinagona pang'ono pa khonde, n'kutuluka pa nthawi yawo.